Ndege ya nkhondo yokuta ndi nsalu, zinalikodi zimenezi?

Mnyamata wa ku Kawale:
Akuluakulu ndithandizeni. Pa shopu yathu yowotcherera zitsulo ku Biwi mnzanga akuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse a Britain anali ndi ndege yoponya mabomba, Vickers Wellington, yomwe kunja kwake inali nsalu osati malata. Nanga nsalu ingapirire bwanji zipolopolo?

Bambo a Chisomo, Area 25:
Mnzanuyo sananame achimwene. Nsaluyo inali chofunda chabe, mphamvu yonse inali mkati. Injiniya wa kampani ya Vickers, Barnes Wallis, anakonza thupi lake ndi tizitsulo ta aluminiyamu topingasana ngati mmene amalukira dengu, ndiye chipolopolo chikadula pamodzi kulemera kumagawikana kwa tinzake totsalato, ndege osathyoka ayi. Zina zinkabwerako nsalu itapseratu mbali yonse, mkati mukuoneka, koma anthu ali moyo. Inauluka koyamba mu 1936, ma injini awiri, anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, mabomba pafupifupi makilo 2,000.

Mayi a Tadala:
Zoona bambo, koma tisaiwale kuti moto ndiye unali mdani wake. Pa 18 Disembala 1939 zinapita 22 masanasana ku Heligoland Bight, kugombe la Germany, 12 sizinabwerere, matanki amafuta akaboola ankangodontha mpaka kuyaka. Kuchokera apo anayamba kuziulutsa usiku. Ine yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya James Ward wa ku New Zealand, mu Julayi 1941 phiko litagwira moto anatuluka panja ndege ili m'mwamba atamumanga chingwe, nkumaboola nsalu ija kuti apeze pogwira ndi popondapo mpaka anakafika pamotopo nkuuphimba. Anampatsa Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya asilikali olimba mtima ku Britain, koma miyezi iwiri yokha anafera pa ulendo wina. Mwana wa zaka 22 eti.

Mnyamata wa ku Kawale:
Eee mayi, zomvetsa chisoni. Koma tizitsulo tambirimbiri choncho sitinkachedwetsa ntchito? Ankachita kuwotcherera kamodzikamodzi?

Bambo a Chisomo, Area 25:
Ayi, ankalumikiza ndi ma riveti. Inali ntchito yosiyana ndi ya ndege zina moti fakitale ikazolowera imeneyi kusintha kunali kovuta, komabe anapanga zoposa 11,000 mpaka 1945, ndipo pa fakitale ya ku Broughton, ku Wales, anamangapo imodzi osakwana maola 24, ambiri mwa antchitowo anali azimayi. Usiku womwe ndege zoposa 1,000 zinaukira mzinda wa Cologne ku Germany mu Meyi 1942, zoposa theka zinali zomwezi, kenako Lancaster ya ma injini anayi inazilanda malo, izo nkumakagwira ntchito ku North Africa, ku India ndi yosaka sitima zapansi pamadzi. Zatsala ziwiri basi. Ina inagwera m'nyanja ya Loch Ness ku Scotland mu 1940, anaivuula mu 1985, pano ili ku Brooklands Museum ku England, ndipo mbali zina anazisiya dala zosakuta. Inu odziwa zitsulo sakani zithunzi zake pa intaneti muone malumikizidwe ake.