Ndingaipeze kuti filimu yakale ya ku Cambodia yomasuliridwa m'Chingerezi?

Moni nonse a m'gulu lino. Ndikukonzekera kuonetsa ophunzira anga mafilimu a chiyankhulo cha Khmer, koma pali pamene pandivuta. Ndikufuna aone momwe nthano za mizimu ndi zamatsenga zinkajambulidwira ku Cambodia ulamuliro wa Khmer Rouge usanayambe mu 1975, kenako tiyerekeze ndi The Missing Picture ya Rithy Panh ya 2013, momwe iye anagwiritsa ntchito tianthu tadothi pokumbukira masautso a mu ulamuliro wankhanzawo amene kamera sinawajambule.

Imeneyo ndili nayo kale, pamodzi ndi Golden Slumbers ya Davy Chou, yomwe imafotokoza mmene mafilimu ambiri ojambulidwa 1975 isanafike anatayikira. Yomwe ikundisowa ndi Puos Keng Kang ya Tea Lim Koun, ija ya mkazi ndi njoka. Ndafufuza pa intaneti, koma zimene ndapeza n'zosaoneka bwino ndipo zilibe mawu a Chingerezi m'munsi mwake. Popanda mawuwo ophunzira angoyang'ana zithunzi basi.

Kodi alipo amene akudziwa kumene ndingaipeze yomasuliridwa? Komanso, kodi Bophana Center ya ku Phnom Penh, yomwe imasunga mafilimu ndi zithunzi zakale za ku Cambodia, imalola munthu wakunja kuonera mafilimu ake osapita kumeneko? Chonde ndithandizeni.