Kudziwa dothi ndi manja, ana a kuno ku Joni ndiwaphunzitse bwanji?

WakuRosettenville: Abale thandizeni. Kutchalitchi atipatsa kamalo kuseri, tikufuna tidzalepo mpiru ndi nkhwani mvula ikayamba mu Okutobala, ndiye andiuza kuti Loweruka ndiphunzitse achinyamata kudziwa mtundu wa dothi. Ife kumudzi timangoona n'kudziwa kuti uyu katondo, awa makande, nanga ana obadwira kunowa ndiyambira pati?

Wamaluwa: Achimwene musawachulutsire zolankhula, aliyense agwire dothi basi. Kumbani masentimita 15 kapena 20, lapamwamba limanamiza, chotsani timiyala ndi mizu, muzidontheza madzi pang'onopang'ono uku mukukanya mpaka likhale ngati nsima yolimba. Umbani kampira. Kakamwazika mukangotambasula dzanja ndi mchenga umenewo, ndipo umakhakhala mukautikita ndi zala. Kampira kakagwira kafyikiseni pakati pa manja katalike ngati pensulo kenako mukapinde. Kakathyoka mutangoyamba kupinda, limenelo ndi losakanikirana bwino, masamba amalikonda kwabasi. Koma kakapindika mpaka nsonga kukumana osang'aluka ndi dongo, limamata m'zala, limasunga madzi koma likauma khasu limachita kudumpha, pamenepo pamafunika manyowa ambiri.

MayiWaTurffontein: Zoona bambo. Ine ana ndimawaonjezera za botolo chifukwa amakhulupirira akaona ndi maso. Dothi pang'ono, madzi, khutchumulani kwambiri muliike pansi. Mchenga umakhazikika pamphindi imodzi, dothi lofewa ngati ufa patapita maola angapo, dongo ndiye madzi amakhalabe ofiira mpaka mawa. Ndipo mutenge dothi malo atatu anayi, mayadi a kunowa pena pamakhala zidutswa za njerwa ndi simenti zomwe omanga anakwirira.

MkuluWaGadeni: Mwana wanga zonsezi ndi zabwino koma chonde mvetsa ichi, dzanja limakuuza za mchenga ndi dongo lokha, za poizoni silinena. Mbali ya kum'mwera kwa Joni kwanuko kuli milu ya migodi ya golide ija, ndipo mphepo ya Ogasiti imaulutsa fumbi lake mpaka m'makomo. Ukapeza mchenga wachikasu wosalala kwambiri usadzalepo ndiwo, mumakhala asidi ndi zitsulo zoipa, ngakhale uranium. Bola kudzala m'matumba kapena m'mabokosi ndi dothi lochokera kwina ndi kompositi. Anawo akamaliza asambe m'manja ndi sopo asanadye.

WakuRosettenville: Zikomo kwambiri madala, lathu ndi lofiirira koma ndikumba kaye mawa ndione pansi pake. Mayi, botolo la malita 2 lingatheke?

MayiWaTurffontein: Eya, bola likhale loonekera mkati.