Thandizeni, mabuku a ndale ndi malamulo oyendetsera dziko ndiwapeza pati?

Membala wobisa dzina: Abale anga pagulu pano ndithandizeni, mutu waima. Tapatsidwa asainimenti yokhudza maganizo a akatswiri a ndale ndi boma loyendera malamulo, ikufunika Lachisanu lomweli. Ku laibulale ndinapitako koma ndinangozungulira mashelefu n'kutuluka chimanjamanja. Mnzanga wa m'chipinda anabwereka laputopu yanga mwezi watha, ndikamufunsa amangoti mawa. A gulu langa lokambirana nawonso ndi aulesi, amangobwera tsiku lolemba mayina. Kunyumba akungofunsa kuti sukuluyo umaliza liti. Woyang'anira laibulale ndinaopa kumufunsa poti nkhope inali yamakwinya. Ndiyambire pati?

Mkulu Wachikale: Ana a masiku ano! Mukufuna tikutafunireni? Yambani ndi Thomas Hobbes, Leviathan, 1651. Munthuyo anaona nkhondo yapachiweniweni ku England, n'chifukwa chake ankati popanda wolamulira wamphamvu anthu amadyana okhaokha. Mukatero mupite kwa John Locke, 1689, amene anati boma limakhalapo chifukwa anthu alilola, ndipo likayamba kuwalanda ufulu ndi katundu ali ndi mphamvu yolichotsa. Kenako Montesquieu, 1748, pa kugawa mphamvu patatu: opanga malamulo, oyendetsa boma ndi makhoti. Ngati atatuwa simunawawerenge musagwire n'komwe cholembera.

Mayi wa Mabuku: Mwanawe, ine ndimagwira ntchito mu laibulale. Tayang'ana pamsana pa mabuku a kwanuko. Ngati pali manambala okha, akutsata dongosolo la Dewey: za ndale zili pa 320, mitundu ya maboma pa 321, koma malamulo oyendetsera dziko ali kwina, pa 342. Ngati pakuyambira zilembo, pita pa JC, ndipo za malamulo uzipeza pa K. Kwanuko ndi ziti? Nanga funso la asainimenti likuti chiyani?

Bambo a Mapasa: Laputopuyo ndiye yapita achimwene, yambani kulira maliro 😂

Wolumidwapo: Chenjerani nazo zobwereka mabuku. Ine langa linasowa m'manja mwa mnzanga, ndipo anandikaniza satifiketi mpaka nditagula lina. Ndinayenda maulendo osawerengeka, ofesi iyi akuti pitani uko, uko akuti bwerani mawa. Mpaka lero ndikaona laibulale mtima umandipweteka.

Achemwali a Zamalamulo: A Mkulu, onse mwatchulawo ndi azungu a zaka mazana apitawo. Mwanayu awerengenso malamulo enieni a mayiko. A ku South Africa a 1996 amatchula ufulu wokhala ndi nyumba, chithandizo cha kuchipatala ndi madzi, zimene Locke sanalembepo. A ku Kenya a 2010 anagawa mphamvu ku makaunti 47. Pa webusaiti ya Constitute Project mungaike malamulo a mayiko awiri pambalipambali n'kumafananitsa, kwaulere.

Mkulu Wachikale: Achemwali, nanga kugawa mphamvu kumene kuli m'malamulo mukutchulawo kunachokera kuti? Kunagwa ndi mvula? Kawerengeni The Federalist Papers, nkhani 85 zimene Hamilton, Madison ndi Jay analemba mu 1787 ndi 1788 poteteza malamulo oyendetsera dziko la America. Nambala 51 ikufotokoza chifukwa chake nthambi imodzi ya boma iyenera kutchingira inzake kuti isapyole malire. Muzu ndi umenewo. Inu mukuyambira kunsonga.

Achemwali a Zamalamulo: Madison yemweyo anali ndi akapolo, bambo, ndipo malamulo amene ankawateteza analola ukapolo kupitirira. Zimenezonso mumuuze mwanayu.

Mkulu Wachikale: Ndamuuza kuti awerenge, sindinati awapembedze! Vuto lanu mumafuna kutsutsa buku musanalitsegule. Ife tinkakhala mu laibulale mpaka kutseka, kulemba pamanja tsamba ndi tsamba.

Mnyamata wa Kompyuta: Ambiri mwa mabuku akalewo ali pa webusaiti ya Project Gutenberg, osalipira. Koma Chingerezi cha Hobbes n'chokakala, bola muyambe ndi Stanford Encyclopedia of Philosophy kuti mumve kaye mutu wa nkhani. Pa JSTOR, webusaiti yosunga nkhani za akatswiri, mukatsegula akaunti yanu amakulolani kuwerenga nkhani zingapo kwaulere mwezi uliwonse.

Mkulu Wachikale: Ulesi umenewo. Zapafoni sizikhala m'mutu.

Mayi wa Mabuku: Chinanso, mabuku amene aphunzitsi amawalimbikitsa nthawi zambiri sakhala pashelefu. Timawasunga kuseri kwa desiki ndipo timabwereketsa kwa maola ochepa. Mwina n'chifukwa chake sunapeze kanthu. Mu katalogu usalembe chiganizo chonse, ungolemba mawu ngati constitutionalism, social contract kapena separation of powers. Ukapeza buku limodzi labwino, ona mndandanda wa mabuku kumapeto kwake, ukulozera ena. Ndipo usamaope makwinya athu, ntchito yathu ndi yomweyo yoyankha mafunso.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Mnzanga uja wangondiyankha kuti laputopu ili kwa msuweni wake. Ndiye mukuti ndiyambe Hobbes kapena za ku Kenya?

Mkulu Wachikale: HOBBES.

Mayi wa Mabuku: Mwanawe, tatiuza kaye funso la asainimentiyo likuti chiyani?