"Timba sachepa ndi mazira ake": timbayo ndi uti, nanga mwambiwu ukuti chiyani?

Nabanda, Area 25:
Akuluakulu, ndithandizeniko. Kuntchito kwathu tagawanika pawiri pa mwambi uwu. Ena akuti ndi wonyoza, woti wamng'ono azikhutira ndi tating'ono take. Ena akuti ayi, ndi woyamikira. Choseketsa n'chakuti mwa onse otsutsanafe palibe angaloze timba atatera pampanda. Wina akuti ndi mpheta, wina akuti ndi pumbwa. Odziwa tiuzeni.

Aphiri, Mitundu:
Mayi, chipongwe mulibemo m'mwambiwu. Timba ndi wochepa zedi, koma mazira amene waikira amawafungatira yekha mpaka aswe, sakabwereka mapiko kwa nkhwali. Akulu ankatanthauza kuti munthu, angachepe msinkhu kapena chuma, pakhomo pake ndi wamkulu ndipo zake amazitha. Kuno timaumva kwambiri pa milandu ya m'banja. Mnyamata ali pachikamwini, apongozi akufuna kumulamulira mpaka nkhokwe yake, tsiku logulitsa mtedza anene ndi iwo. Ankhoswe akakhala pansi amawabweza apongoziwo ndi mawu amenewa.

Mbewe, Likuni:
Aphiri anena za mwambi, ine ndinene za mwini mwambi. Mpheta ndi pumbwa achotsenimo. Mpheta ili ndi mlomo waufupi wonenepa woswera njere, ndipo imayenda m'chigulu. Pumbwa ndi wamkulu, mutu wakuda, pansi pa mchira pachikasu, uja amatha mapapaya ndi magwafa. Timba amene ambiri timamudziwa ndi amene m'mabuku amalembedwa kuti Prinia subflava. Kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 12, theka lake n'kukhala mchira, ndipo kulemera kwake kumazungulira pa magalamu 10. Kumsana ndi wotuwa moderako wopanda mizere, pakhosi poyera, m'nthitimu mofiirira pang'ono, pamwamba pa diso pali kamzere koyera. Mlomo ndi wowonda wosongoka chifukwa chakudya chake ndi tizilombo, timbozi ndi tiziwala.

Koma musavutike ndi nthenga, yang'anani mchira. Ndi wautali, wowonda, amauimika m'mwamba n'kumaugwedezera uku ndi uku, kwinaku akulalata pamwamba pa chitsamba mawu amodzimodzi mobwerezabwereza. Sakwera mitengo italiitali. Malo ake ndi tchire losakanikirana ndi udzu, m'mphepete mwa dambo, m'malire a minda, ngakhale pa puloti yosamangidwa m'tauni muno.

Tsono za mazira ndi zimene zimandikoka ine. Amaswana dzinja. Chisa amaluka ndi timizere ta udzu wauwisi, chobulungira chokhala ndi khomo cham'mbali, n'kuchimangirira pa zitsamba osati patali ndi pansi. Amaikira mazira awiri mpaka anayi. Mukayendera zisa zingapo mudabwa: uyu ake ndi abuluu, uyo oyera, wina ofiirira, wina obiriwira moderako, onse okhala ndi madontho ndi timizere tokhotakhota ngati mwana walembapo ndi bolopeni. Timba wamkazi aliyense ali ndi kalembedwe kakekake ndipo sakasintha.

Chifukwa chake chilipo. Pali mbalame ina yaulesi, dzina la m'mabuku ndi cuckoo finch, yaimuna yake yachikasu, imene simanga chisa. Imazembera chisa cha timba n'kuikiramo dzira lofanana ndi la mwini chisa. Likaswa, mwana wachilendoyo amapempha chakudya mwamphamvu kuposa ana enieni, mpaka enawo amafa ndi njala. Claire Spottiswoode wa ku yunivesite ya Cambridge wafufuza zimenezi kwa zaka zambiri ku Choma, kummwera kwa Zambia, ndipo zina mwa zimene anapeza zinatuluka mu 2010. Timba amayerekeza mtundu ndi timizere, akaona dzira losiyana ndi ake amaliboola n'kukalitaya kunja. Mazira obiriwira aja mbalame yaulesi ija sinathebe kuwatsanzira. Ndiye kwa ine mwambiwu ukunenanso kuti mwini amadziwa chake.

Nkhoma, Kawale:
Achimwene a Mbewe, nkhaniyo ndi yokoma koma mwaukokera patali mwambi. Akulu anati "sachepa", sanati "sasokoneza". Iwo ankaona kukula kwa mbalame ndi udindo umene yasenza, basi. Komanso kwathu dzina loti timba timaitanira timbalame tambiri ta muudzu, osati kamodzi kanuko.

Mbewe, Likuni:
Pa dzinalo mwalasa, a Nkhoma. Abale ake otchedwa cisticola nawonso ambiri amangowati timba. Kusiyana kwake, ambiri mwa iwo ali ndi mizere yakuda kumsana, pamutu pofiirira, mchira wofupikirapo. Kuwasiyanitsa okhaokha kumavuta ngakhale akatswiri, amadalira kulira kwake. Koma zoti makolo sankasuzumira m'zisa ndakana. Anyamata oweta ng'ombe, otchera ulimbo, amene ankakhalira m'dambo tsiku lonse, mazira amenewa ankawadziwa kuposa ife.

Aphiri, Mitundu:
Kusuzumira ankasuzumira, koma pabwalo sindinamvepo mwambiwu ukunenedwa pa nkhani yozindikira chako. Chimene mwasiya nonse ndi ichi: umaluma mbali ziwiri. Ankhoswe omwewo akatha kubweza apongozi amatembenukira kwa mnyamata. Wati ndiwe wamkulu, chabwino, mazirawo ndi ako. Usamatutire ana kwa agogo awo iwe uli pa bawo ku Nathenje, fizi ikafunika usamaloze amalume. Amene amaunena pofuna ulemu wokha, ntchito n'kuikana, aupotoza.

Nabanda, Area 25:
Zikomo Aphiri, mbali yachiwiriyo ndiye ikawawa anthu ena kuntchito mawa. A Mbewe, ndikafuna kumuona ndi maso ndipite kuti?

Mbewe, Likuni:
Simufunika kukafika ku Dzalanyama, achemwali. Mmawa dzuwa lisanakwere yendani m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi kapena dambo lililonse la kwanuko pamene udzu sunatchetchedwe, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi pamene amalira kwambiri. Mudzayamba kumumva musanamuone. Chisa mukachipeza ingoyang'anani, musachigwire kapena kupondereza udzu wozungulira, chifukwa kanjira kamene mungasiye kamaonetsa amphaka ndi ana a malegeni pamene chili.