Za pulogalamu yokonzera zithunzi ija, ndapeza pogwira

Mwezi watha ndinafunsa ngati pali pulogalamu yokonzera zithunzi yosalipira mwezi ndi mwezi ngati Photoshop, poti madola akusowa ndipo khadi langa la kubanki limangokana. Zikomo nonse amene munandiyankha.

Ndakhazikika pa GIMP 3.0, yaulere, yomwe inatuluka mu 2025. Zithunzi za RAW (zosakonzedwa, monga momwe kamera yazijambulira) ndimayamba kuzikonza mu pulogalamu ina yotchedwa darktable. Ina yotchedwa Photopea ndinaiyesa, ndi yabwino ndithu, koma imatsegukira pa intaneti, ndiye bandulo ikatha basi wagwa nayo.

Chinandizunguza mutu ndi plugin (kapulogalamu kowonjezera mu GIMP) ya G'MIC, yoyeretsera ndi kukongoletsera zithunzi. Ndinatsitsa ya GIMP 2.10 osadziwa, n'kumaifufuza usiku wonse, osaoneka. Achimwene ena ojambula ku Area 25 ndi amene anandiuza kuti za 2.10 sizigwira mu 3.0. Tsitsani yoyenera, muone malo ake mu GIMP pa Edit, Preferences, Folders, Plug-ins, muiike m'foda yakeyake, kenako mutseke GIMP n'kuitsegulanso. Imaoneka pansi penipeni pa Filters.

Dzulo ndayeretsa nayo zithunzi za ukwati wa ku Kawale zomwe ndinajambula mu holo ya mdima. Timadontho tija timabwera pa zithunzi zojambula mu mdima tachoka, diresi la mkwatibwi layera mbee. Kungoti laputopu yanga yakaleyi imatentha ngati mbaula.