Kabokosi kotsanzira ma ampu kapena ampu ya ma valve, ndigule chiti?

Wa lead ku Ngabu:
Moni nonse m'gulu muno. Ampu (chokuzira mawu a gitala) ya ku tchalitchi kwathu inamira pa madzi a Freddy mu 2023. Tinaikonzetsa kawiri koma mpaka lero imangolira ngati njuchi. Ndagulitsa thonje, ndili ndi kangachepe m'thumba. Mlamu wanga amene ali ku Joni akuti atha kundibweretsera Zoom G1X Four, kabokosi koponda ndi phazi kamene kamatsanzira mawu a ma ampu osiyanasiyana. Komanso ku Limbe wina akugulitsa ampu yakale ya ma valve (timababu tagalasi tokuza mawu), mtengo wake wokwera kuposa kabokosiko kutali. Ndigule kabokosika, kapena ndipirire mpaka ndalama zikwane?

Madala a gitala, Nsanje:
Mwana wanga, pirira. Ine ndinayamba kugwira gitala iwe usanabadwe, ndipo ampu ya ma valve ndimaidziwa ndi zala, osati ndi makutu okha. Ukakhudza nsambo pang'ono imayankha mofatsa, ukaikanda mwamphamvu mawu amakhuthala pang'onopang'ono, osasweka mwadzidzidzi. Uli kwathu kuno, valimba umaidziwa. Chimene chimakoma pa valimba si thabwa lokha, ndi zipanda zapansi zija ndi kanembanemba kamene kamanjenjemera. Ukaima pafupi mawu amakugunda pachifuwa. Ampu yeniyeni imatero. Tikabokosi timeneti ndinatimvapo kwa adzukulu, mawu ake ndi opyapyala.

Wa mikisa, Nchalo:
Madala, ndi ulemu wonse, adzukuluwo munawamva akuimbira pa sipika yanji? Funso lagona pamenepo. Kabokosi kalibe sipika yakeyake. Mukakalumikiza ku sipika ya wailesi ya m'nyumba kalira ngati wailesi basi.

Kachitidwe kake nkotere: mkati muli kakompyuta kamene kamawerengera mmene ampu inayake imasinthira mawu a gitala, kenako kamawonjezera mawu a sipika yojambulidwa ndi maikolofoni. Ndiye chimene chimatuluka ndi mawu a ampu monga mmene amamvekera pa nyimbo yojambulidwa, osati monga mmene mumaimvera mutaima patsogolo pake. Nchifukwa chake woimba amadandaula kuti sakumva kugunda kuja, pamene anthu okhala pa mabenchi sakuona kusiyana kulikonse. Ngakhale mutabwera ndi ampu ya ma valve pa msonkhano waukulu wa panja, ine ndiika maikolofoni patsogolo pake, mawu adutsa pa mikisa, khamu limva za m'masipika anga omwewo.

Ndipo si zachilendo izi. Kampani ya Line 6 inatulutsa kabokosi kotere kotchedwa POD, kofiira, kooneka ngati nyemba, mu 1998. Kemper ya ku Germany inabwera mu 2011, imene imamvetsera ampu yeniyeni nkukopera khalidwe lake. Magulu akuluakulu akunja ambiri amayenda ndi zoterezi masiku ano.

Madala a gitala, Nsanje:
Kemper ndi ina, kabokosi kotchipa ndi kena. Tisaphatikize.

Wa mikisa, Nchalo:
Pamenepo mwanena zoona madala. Kotchipa sikafika pa Kemper, makamaka pa mawu okhuthala aja. Koma achimwenewa amaimba za ku tchalitchi ndi sebene, mawu oyera osakhuthala, chorus (yomveketsa ngati magitala awiri) pang'ono ndi delay (yobwereza mawu). Pa mawu oyera kusiyana kumachepa kwambiri. Ndipo ampu ya Roland JC-120, imene oimba mawu oyera amaikonda chitulukireni mu 1975, ilibe valve ngakhale imodzi. Ndi ya ma transistor.

Mayi wa kwaya, Bangula:
Ine za ma valve sindilowererapo, koma ndine amene ndimasunga thumba la kwaya, ndiye ndifunse za kanyamulidwe. Tikaitanidwa ku East Bank timakwera bwato, kwina kabaza. Chinthu cholemera ngati thumba la chimanga mukachikweza pati? Ndipo kumidzi kumene timapitako magetsi kulibe, timadalira sola ndi batire ya galimoto.

Wokonza mawailesi, Dyeratu:
Amayi afunsa bwino. Ndiyankhe monga munthu amene zinthuzi zimafikira pa tebulo langa zikafa.

Ampu ya ma valve ya Fender Twin Reverb, ya masipika awiri a mainchesi 12, imalemera pafupifupi makilogalamu 30. Ma valve ndi magalasi, amatentha kwambiri akamagwira ntchito, ndipo amatha ngati mababu. Tsono ganizirani Okutobala wa ku Ngabu, kunja kwapitirira madigiri 40, tchalitchi cha malata, mapemphero a maola atatu. Mukamaliza simuyenera kuinyamula nthawi yomweyo, idikire izizire, apo ayi mabampu a mumsewu amaliza ma valve. Akatha simuwapeza pa Chikwawa boma, muitanitsa kunja, ndipo amene amapereka mphamvu ku sipika amafuna kusinthidwa ofanana, osati limodzi lokha. Imadyanso magetsi ngakhale simukuimba. Pa inverter yotchipa imang'ung'uza. Musaiyatse sipika isanalumikizidwe, mupsereza transformer, ndipo imeneyo ndiye yodula zedi.

China, achimwene a ku Ngabu, ya ku Limbeyo muione kumbuyo. Ngati inachokera ku America yalembedwa 120V, ife kuno ndi 230V. Wina anabwera nayo kwa ine itapsa tsiku loyamba chifukwa wogulitsa sanamuuze.

Kabokosi mukunenako kamayenda ndi mabatire 4 a AA, kapena power bank kudzera pa USB. Mukukumbukira 2022 madzi a Ana atawononga Kapichira, miyezi imene tinakhala magetsi akuzimazima? Amene anali ndi kotere sanasiye kuyeserera. Koma ndisabise: kakafa mkati, ine sindingakakonze. Ampu yakale ndimaitsegula nkusintha chimene chapsa. Kabokosi kakalowa madzi kapena fumbi la kuno likadya mabatani, nthawi zambiri kapita.

Madala a gitala, Nsanje:
Mwamva? Yanga ndakhala nayo zaka zambirimbiri, ikudwala nkuchira. Kabokosi kadzafika zaka zimenezo?

Wa lead ku Ngabu:
Madala, mawu anuwo andigwira, chifukwa kugunda pachifuwa mukunenako ndi kumene kunandikopa nditaiyesa ya ku Limbe ija. Sindinafune kuisiya. Koma za amayi a ku Bangula ndi zimene timakumana nazo sabata ndi sabata. Funso lina: ndikagula kabokosi, ndizidzimvera pati poimba? Masipika athu amayang'ana kwa anthu.

Wa mikisa, Nchalo:
Ndalama yotsalayo gulani sipika imodzi yokhala ndi ampu yake mkati, muziika pansi patsogolo panu ikuyang'anani. Theka la dandaulo la madala lithera pomwepo. Kapena funsani mlamu wanuyo mtengo wa ampu ya Boss Katana 50. Imatsanziranso ma ampu koma ili ndi sipika yake ya mainchesi 12, mphepo imakankhidwa ndithu, ndipo munthu mmodzi amainyamula ndi dzanja limodzi. Kungoti imeneyo imafuna magetsi, siyenda ndi mabatire.

Mukasankha kabokosi, mawu obwera nako kuchokera ku fakitale musawakhulupirire, amadzaza reverb (kumveka ngati muli m'holo) ndi gain (yokhuthalitsa mawu) kuti akome m'mahedifoni. M'tchalitchi cha malata amasanduka phala. Yambani ndi ampu imodzi yoyera, chepetsani reverb, chipinda chili nayo kale. Ndipo tsiku limene mwakalumikiza ku ampu ya gitala, zimitsani mbali yotsanzira sipika ija, apo ayi mawu amveka ngati mwafunditsa bulangete.

Mtsikana wa bass, Makhanga:
Ine ndili nako ka bass ka mtundu womwewo chaka chachiwiri tsopano. Chimene ndimakakondera ndi usiku, mahedifoni m'makutu, ng'oma zake zikugunda, ana ali mtulo. Madzi akayamba kukwera ndimakaponya m'chikwama pamodzi ndi ziphaso. Ampu sindikanathawa nayo.

Madala a gitala, Nsanje:
Za madzizo sinditsutsa, mwana wanga, tonse tinataya katundu. Komabe mnyamatayu asagule asanamve ziwirizi pamalo amodzi. Loweruka likubwerali ndili ndi ulendo wa ku Nchalo. A mikisa, mukapeza galimoto yonditenga pa siteji ndibwera nayo yanga.

Wa mikisa, Nchalo:
Galimoto ipezeka madala. Kabokosi ndibwereka kwa mnyamata wa kwaya yathu. Achimwene a ku Ngabu, bwerani ndi gitala yanu yomwe mumaimbira, nsambo zikhale zatsopano. Tikayesa kawiri, koyamba mutaima pafupi, kachiwiri mutakhala pa benchi yakumbuyo wina akuimba.

Wa lead ku Ngabu:
Ndifika ndi minibasi ya m'mawa. Mlamu ndamuuza adikire kaye mpaka Lamulungu.