Za makulidwe a mpeni zija ndazipeza, zikomo nonse

Sabata ziwiri zapitazo ndinafunsa za kasitomala wina wa ku Luchenza amene anafuna mpeni wochindikala 1/8 inchi, ine ndili ndi tepi yoyezera yokha. Zikomo nonse amene munandiyankha, makamaka achimwene aja munandiuza kuti inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Ndiye kuti 1/8 ndi 3.2 mm basi.

Ndinatsatira malangizo ogula vernier caliper, kachipangizo koyezera kuchindikala kwa zinthu, ndinakaipeza ku Limbe. Ndinasankha yopanda batire, yowerenga mpaka 0.05 mm. Poyamba timizere take tinandizunguza mutu, koma tsiku lachiwiri maso anazolowera.

Zimene ndinapeza zinandidabwitsa. Mpeni womwe ndinasula kuchokera ku sipuling'i ya galimoto, umene ndinkati ndi 3 mm, unali 4.3 pafupi ndi chigwiriro, 2.7 chakunsonga. Zaka zonsezi ndimangodalira zala! Pano ndimayeza kumsana malo atatu, ndipo ndimayamba ndapala makoko akuda a moto aja, chifukwa amanamiza muyezo.

Chinanso, amalume ena munati kukamwa kwa mpeni ndisapyapyalitse ndisanauviike m'mafuta uli wamoto kuti ulimbe, ndizisiya pafupifupi 1 mm. Munanenadi zoona. Awiri amene ndinasiya choncho atuluka owongoka bwinobwino, pomwe kale ankapindika, ena kung'aluka kumene.

Amene mugule caliper, muziipukuta ndi kansalu ka mafuta. Chinyezi cha kuno ku Mulanje sichichedwa kudyetsa zitsulo dzimbiri. Kasitomala uja watenga mpeni wake dzulo, waitanitsanso ina iwiri.